Mmene Mungayendere Tauni ya Vaikom ku Kerala: Msewu, Kachisi ndi Madzi

Amene amapita ku Kochi m'dziko la India, kaya aperekeza wodwala, kaya ndi za sukulu kapena za geni, nthawi zambiri amapezeka ali ndi tsiku limodzi kapena awiri opanda chochita, akudikira zotsatira za kuchipatala kapena ndege yobwerera. Akafunsa pamalo ogona kuti kuno kokaona n'kuti, yankho limakhala lomwelomwelo: pitani ku Alappuzha mukachite hayala boti lokhala ndi chipinda chogonamo. Mabotiwo ngokongola, sindikana, koma ngodula, ndipo munthu umangokhala pampando ngati thumba la mpunga uku akukuyendetsa. Ine ndikulozerani kwina. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 35 kum'mwera kwa Ernakulam, mbali ya mzinda wa Kochi, kuli tauni yaing'ono yotchedwa Vaikom, m'boma la Kottayam m'chigawo cha Kerala, m'mphepete chakum'mawa mwa nyanja ya Vembanad. Eni dera ndi Amalayali, chilankhulo chawo ndi Chimalayalam. Pakati pa tauniyo pali kachisi wakalekale wa Shiva, mulungu wa Ahindu, pomuzungulira pali misewu imene anthu anamangidwira chifukwa chofuna kuyendamo, ndipo kumadzulo kwake kuli doko limene boti la boma limanyamulirapo anthu pamtengo wosakwana ngakhale wa kapu ya tiyi. Zonsezi mungazione tsiku limodzi, bola mutsate dongosolo.

Yambani mwaona kalendala

Mvula ya ku Kerala imayamba kumayambiriro kwa June n'kugwa mwamphamvu mpaka September, kenako ina imabwera mu October ndi November, kawirikawiri chakumadzulo ndi mabingu. Kuyambira March mpaka May kumatentha chinyontho chili tho, thukuta losauma pathupi. Nthawi yabwino kwa woyenda pansi ndi kuyambira December mpaka February. Ngati mukufuna kuona tauniyo itadzaza, chikondwerero chachikulu cha pakachisi, Vaikathashtami, chimachitika m'mwezi umene iwo amautcha Vrischikam, womwe umagwa pakati pa November ndi pakati pa December. Tsiku lake limasinthasintha chaka ndi chaka chifukwa amatsata mwezi wakumwamba, choncho funsani musanakonze ulendo.

Chinthu china chofunsa dzulo lake ndi hartal. Awa ndi masiku amene chipani kapena bungwe la ogwira ntchito limalengeza kuti masitolo atsekedwe ndipo magalimoto asayende. Ku Kerala zoterezi sizachilendo, ndipo zikachitika mlendo amatha kusowa ndi basi yomwe.

Kufika kwake

Nyamukani m'mamawa. Kuchokera ku Ernakulam kwerani basi pamalo aakulu okwerera a Vyttila. Mabasi opita ku Vaikom ndi ambiri, a boma a KSRTC ndi a anthu wamba, ndipo amadzera ku Tripunithura ndi Poothotta. Ulendo wake ndi wa ola limodzi ndi mphindi zingapo, malinga ndi kuchuluka kwa magalimoto. Zikwangwani za pamabasi ambiri zimalembedwa m'zilembo za Chimalayalam zozungulirazungulira zija, ndiye musavutike kuwerenga. Ingonenani kuti "Vaikom" kwa kondakitala, mukumutchula kuti chetta, liwu limene limafanana ndi achimwene athu aja. Mayi wokulirapo pang'ono kuposa inu ndi chechi, ngati kunena kuti achemwali. Mawu awiriwa amafewetsa nkhope kuposa Chingelezi chambiri. M'basi, mipando ina imasungidwira amayi. Abambo yang'anani kumene abambo anzanu akhala.

Pali siteshoni ya sitima yotchedwa Vaikom Road, koma dzinalo lisakunamizeni. Ili kutali ndi tauni, makilomita oposa khumi, ndipo mukatsika pamenepo mufunikanso basi kapena kagalimoto ka matayala atatu kamene iwo amangoti auto. Basi yochokera ku Vyttila ndiyo yosavuta.

Tengani ndalama zamanja, ma rupee ang'onoang'ono. Eni dziko amalipira pafupifupi chilichonse pafoni, koma mlendo wopanda akaunti ya banki ya komweko amadalira ndalama yogwirika, ndipo wogulitsa tiyi sakondwa ukamupatsa pepala la 500. Tenganinso ambulera, nsapato zovula mosavuta, ndi kathumba koikamo malaya. Za malayazo muzimvetsa posachedwa.

Musathamangire pachipata: zungulirani kaye msewu

Apa ndi pamene alendo ambiri amalakwitsa. Amatsika basi, n'kulunjika pachipata cha kachisi, kujambula denga, n'kubwerera. Inu musatero. Kachisiyo ali pamalo okwana maekala pafupifupi 8, ndi mpanda kuzungulira, ndi zipata zinayi zoyang'ana kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kum'mwera. Kunja kwa mpandawo kuli misewu wamba: masitolo a maluwa, ogulitsa nthochi zopachika pa mkoko, ana asukulu, njinga zamoto. Yendani pang'onopang'ono msewu umenewu, chifukwa zaka 100 zapitazo ambiri mwa anthu amene mukudutsana nawowo sakanaloledwa kupondamo.

Vaikom inali m'ufumu wa Travancore. Mwambo wa nthawiyo unkagawa anthu malinga ndi banja lobadwira, ndipo ku Kerala tsankholi linafika poipa kuposa madera ambiri a India. Sikunali kukhudzana kokha kumene kunkaletsedwa. Munthu wa mtundu wonyozeka, monga Aezhava ndi Apulaya, ankati amadetsa mnzake ngakhale pongomuyandikira, ndipo panali muyezo wa mapazi amene ayenera kutalikira. M'misewu yopita kukachisi munali zikwangwani zosonyeza polekezera. Chopweteka kwambiri n'chakuti Mkhristu kapena Msilamu ankadutsa misewu yomweyo popanda womufunsa, koma Mhindu wa mtundu wapansi, wopembedza Shiva yemweyo, ankayenera kulambalala mtunda wautali.

Munthu amene analimbikira kuti nkhaniyi isagone anali T. K. Madhavan, mtolankhani wa mtundu wa Aezhava komanso wotsatira mphunzitsi wa zauzimu Sree Narayana Guru. Iye anaitengera ku msonkhano wa chipani cha Indian National Congress ku Kakinada mu 1923, ndipo pa 30 March 1924 m'bindikiro unayamba. Ankautcha satyagraha, kutanthauza kukakamira choonadi popanda chiwawa. Njira yake inali yosavuta kumva koma yovuta kupirira: tsiku lililonse anthu atatu ankayenda kulunjika pa chikwangwani, apolisi n'kuwafunsa mtundu wawo, n'kuwamanga. Atatu oyamba anali wa Chipulaya, wa Chiezhava ndi wa Chinair, ndipo wa Chinair uja, amene ankaloledwa kudutsa, anakana kupita yekha. Atsogoleri monga K. P. Kesava Menon ndi Madhavan mwiniwake anatsekeredwa. Boma litaona kuti kumanga anthu kukungowonjezera moto, linasiya kumanga n'kuika zotchinga pamsewu. Apo anthu anayamba kungoima kapena kukhala pansi kutsogolo kwa zotchingazo, dzuwa lonse, tsiku ndi tsiku.

Chaka chomwecho cha 1924 kunagwa chigumula chimene Amalayali mpaka lero amachitcha chigumula cha 99, potengera chaka cha 1099 pa kalendala yawo. Madzi anasefukira m'tauni, koma ochita m'bindikiro sanachoke; ankasinthana kuima m'madzi ofika m'chiuno ndi kupitirira, apolisi akuwalondera ali m'mabwato. Mukamayenda msewuwo lero muli ndi ambulera m'manja, kumbukirani chithunzi chimenecho.

Thandizo linachokera kutali. Asikh a gulu la Akali anabwera kuchokera ku Punjab kudzatsegula khitchini yodyetsa anthu kwaulere. Kuchokera ku dera la Atamil kunabwera E. V. Ramasamy, amene pambuyo pake anadziwika kuti Periyar. Anamangidwa kawiri, ndipo mkazi wake Nagammai analimbikitsa amayi kulowa nawo. Mu November 1924 Ahindu a mitundu yolemekezeka amene ankadana ndi tsankholi anayenda wapansi kuchokera ku Vaikom mpaka ku likulu, Trivandrum, motsogozedwa ndi Mannathu Padmanabhan, kukapereka chikalata cha madandaulo kwa mfumukazi yogwirizira mpando, Sethu Lakshmi Bayi. Nkhani itafika m'nyumba ya malamulo ya Travancore mu February 1925, ganizo lotsegula misewu linagonja ndi voti imodzi yokha, 22 kwa 21.

Gandhi anafika ku Vaikom mu March 1925, ndipo anakakumana ndi mkulu wa otsutsa, wa banja la ansembe la Indanthuruthi. Mwini nyumba sanamulowetse m'nyumba, poti Gandhi sanali Mbrahmin, mtundu wapamwamba wa ansembe. Anakambirana panja, pabwalo. Funsani njira yopita ku Indanthuruthi Mana, ili pafupi ndi kachisi, ndipo mukafika muwerenge chikwangwani cha pakhomo. Nyumba ija lero ndi ofesi ya bungwe la anthu ogoma uchema wa kokonati, ntchito imene kale inali ya Aezhava, omwe aja ankaletsedwa ngakhale kudutsa panja pake. Ine nditaima pamenepo ndinaseka ndekha ngati wamisala.

M'bindikirowo unatha mu November 1925, patadutsa masiku oposa 600. Tisanamizane kuti anapambana kotheratu. Misewu ya mbali zitatu inatsegulidwa, koma wa kum'mawa unakhalabe woletsedwa, ndipo boma linalambula njira yolambalala kuti anthu asayandikire kwambiri. Ambiri anakhumudwa. Zipata zenizeni zinatseguka pa 12 November 1936, pamene mfumu Chithira Thirunal Balarama Varma inalengeza kuti Mhindu aliyense, posayang'ana kobadwira, alowe m'makachisi a boma la Travancore.

Kuti nkhaniyi ikhazikike m'mutu, pitani malo awiri. Pa mphambano ya Valiyakavala pali chikumbutso cha Periyar, chimene boma la Tamil Nadu linachikonzanso n'kuchitsegula mu December 2024. Chakudoko kuli nyumba yosungiramo mbiri ya satyagraha, momwe muli zithunzi ndi makalata a nthawiyo. Ndipo ngati basi yanu yakutsitsirani pa depoti ya Dalawakulam, dziwani kuti dzinalo limatanthauza dziwe la nduna. Anthu akumeneko amasimba kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 Aezhava amene anayesa kulowa m'kachisi anaphedwa, mitembo yawo n'kutayidwa m'dziwe limene linali pamenepo.

Tsopano pachipata

Kachisi amatsegulidwa m'bandakucha mpaka chakumasana, n'kutsekedwa, n'kudzatsegulidwanso madzulo cha m'ma 5 koloko. Wofika 1 koloko masana amapeza zitseko zili gwa.

Ndinene mosabisa: makachisi ambiri a ku Kerala salola munthu amene si Mhindu kulowa m'kati. Inde, n'zodabwitsa pamalo a mbiri imene ndangoisimbayi, ndipo Amalayali eni ake amakangana za lamuloli. Koma mlendo si amene angakathetse mkanganowo pachipata. Werengani chikwangwani, funsani mlonda mwaulemu, ndipo akakuuzani kuti polekezera ndi apa, lekezani pomwepo. Musabise chipembedzo chanu kuti mulowe. Zooneka kuchokera pachipata ndi zambiri ndithu: bwalo lalikulu la mchenga, mlongoti wautali wonyezimira wokwezapo mbendera ya chikondwerero, madenga otsika opendekera a matabwa, matailosi ndi mkuwa, omangidwa moganizira mvula ya kumeneko. Sizifanana ndi nsanja zazitali zodzaza ziboliboli zamitundumitundu za ku Tamil Nadu.

Kwa wololedwa kulowa, malamulo ndi awa. Nsapato zimatsala panja. Abambo amavula malaya polowa m'bwalo lam'kati, ndipo chovala choyenera ndi mundu, nsalu yoyera yomanga m'chiuno yofika m'mapazi. Imagulitsidwa m'masitolo a pafupi. Muphunziretu kuimanga, chifukwa ikamasuka pakati pa gulu palibe amene angakugwirireni. Amayi amavala sari kapena chovala chachitali chobisa mapewa ndi miyendo. Zithunzi m'kati sajambula. Chipinda chopatulika cha kachisiyu ndi chozungulira motalikirako ngati dzira, zimene sizipezekapezeka ku Kerala, ndipo makoma ake akunja ali ndi zithunzi zopenta zakale.

Eni ake amamutchula Shiva wa pano kuti Vaikathappan, tate wa Vaikom, komanso Annadana Prabhu, mbuye wopatsa chakudya. Nsembe yotchuka pano ndi prathal: munthu amalipira kuti kuphikidwe mpunga ndi ndiwo zodyetsa khamu. Ngakhale phulusa lopatulika limene opembedza amapaka pamphumi limachokera pa mafuwa a khitchini yaikulu ya kachisiyo. Pali mwambo wina umene unandikhudza: usiku, asanatseke zipata, wantchito wa pakachisi amafuula kufunsa ngati pali wina amene agone ndi njala. Funso labwino zedi. Koma munthu ukangochoka kumva za 1924 umadzifunsa kuti kwa zaka mazana angati funsolo linkafuulidwa, anjala enieni ali kutsidya kwa chikwangwani kumene sakanatha kuyankha.

Mukaona anthu akutuluka mothamanga m'mawa n'kudumphira m'galimoto, musadabwe. Pali chikhulupiriro choti kupembedza pa makachisi atatu a Shiva, wa Vaikom, wa Kaduthuruthy ndi wa Ettumanoor, tsiku limodzi dzuwa lisanafike paliwombo, kuli ndi madalitso apadera. Nthano yake imati chimphona china dzina lake Khara chinanyamula miyala itatu yopatulika, wina kudzanja lamanja, wina kumanzere, wina pakhosi kapena pakamwa, ndipo pamene inatsitsidwa ndi pamene pali makachisi atatuwo.

Nkhomaliro

Ku Kerala chikwangwani cholembedwa kuti hotel nthawi zambiri chimatanthauza malo odyera basi, osati ogona. Lowani pamene mwadzaza anthu akumeneko, munene kuti meals. Adzakuyalirani tsamba la nthochi kapena mbale yachitsulo, n'kuthirapo mpunga wonenepa wofiirira wotchedwa matta ndi tindiwo tambirimbiri. Idyani ndi dzanja lamanja. Kwa ife odya nsima izi sizovuta, kungoti mpunga amausonkhanitsa ndi nsonga za zala n'kuukankhira m'kamwa ndi chala chachikulu. Madzi akumwa amabwera ofunda, nthawi zina ofiirira ngati munagwera mankhwala. Musawabweze. Ndi madzi owiritsa ndi khungwa la mtengo wina kapena njere zonunkhira, ndipo kwa mlendo ndi abwino kuposa ozizira a pampopi.

Malo odyera oyandikana ndi kachisi ambiri saphika nyama kapena nsomba. Nsomba muzipeza chakunyanja. Funsani karimeen, nsomba yafulati ya m'nyanja ya Vembanad, ya banja limodzi ndi chambo ndi mbuna zathu. Amaipaka tsabola ndi anyezi, n'kuikulunga m'tsamba la nthochi, n'kuiwotcha pachiwaya. Dzina lake ndi karimeen pollichathu. Funsani mtengo isanaphikidwe, chifukwa amatchaja malinga ndi kukula kwake. Chotsika mtengo, ndipo kwa ine chokoma kuposa, ndi kappa ndi nsomba ya msuzi wofiira. Kappa ndi chinangwa chathu chomwechi, chophika n'kuchiphwanya ndi kokonati. Wa ku Nkhata Bay kapena ku Nkhotakota adzamva ngati wafika kwa azakhali, mpaka tsabola atamukumbutsa kuti ali kwa eni.

Kudoko

Kuchokera pa chipata cha kumadzulo, tsatani msewu wolunjika kunyanja. Ndi mphindi zochepa wapansi. Apa ndi pamene pali chinthu chimene ndimauza aliyense kuti asachiphonye: boti la dipatimenti ya boma yoona za maulendo a pamadzi, lowoloka kupita ku Thavanakkadavu, tsidya la boma la Alappuzha. Mtunda wake ndi makilomita awiri ndi theka, ulendo wa mphindi pafupifupi 15. Mwa maboti oyenda njira imeneyi muli Aditya, limene linayamba ntchito mu January 2017 monga boti loyamba la anthu wamba loyendera mphamvu ya dzuwa m'dziko la India. Limanyamula anthu 75, denga lake lonse ndi masola. Ngati pafika la dizilo, lisiyeni lipite, mudikire Aditya. Kusiyana kwake mudzakumva ndi makutu: palibe kugunda kwa injini, palibe utsi, mumamva madzi akunyambita m'mbali ndi amayi akucheza za mitengo ya nsomba.

Pano ndi pamene ndinachita manyazi. Ndinaloweza mawu awiri, vallam, bwato, ndi vellam, madzi, koma lilime linawasokoneza. Ndinafunsa bambo wina wogulitsa tiyi kuti madzi afika nthawi yanji. Anandiyang'ana, n'kuloza nyanja yonse ndi dzanja, anzake ali gwa kuseka. Kenako anandithirira chaya, tiyi wamkaka amene amamutsanula kuchokera m'mwamba mpaka achite thovu, n'kukana ndalama yanga. Liwu lothokozera ndi nanni. Limenelo ndinalitchula bwino.

Muli pakati pa madzi, yang'anani bwino, chifukwa nyanja iyi si ya Malawi. Vembanad ndi nyanja yaitali kuposa zonse ku India, makilomita oposa 90, koma ndi yosaya, ndipo imalumikizana ndi nyanja yamchere ya Arabia ku Kochi. Mitsinje yochokera kumapiri a Western Ghats, monga Muvattupuzha, Meenachil, Manimala, Pamba ndi Achankovil, imathira madzi abwino; chilimwe mitsinje ikaphwa, madzi amchere amalowa. Mu 2002 inalembedwa m'kaundula wa madambo otetezedwa wa Ramsar. Mudzaona amuna ali chilili m'timabwato, akukanda pansi ndi chitsulo chamano chomangirira ku nsungwi yaitali. Akukolola kakka, nkhono zakuda za zigoba ziwiri. Nyama yake amaikazinga ndi tsabola, zigoba amawotcha n'kupanga laimu. Mudzaonanso namasupuni, yemwe uja amatisautsa mu Shire. Kumenekonso amatseka ngalande n'kukola mapulopela a maboti.

Mukafika tsidya mungabwerere ndi boti lomwelo. Amene ali ndi chidwi ndi mbiri ya mpingo angapitirire pang'ono ku Kokkamangalam pafupi ndi tauni ya Cherthala, amodzi mwa malo amene Akhristu a ku Kerala amakhulupirira kuti mtumwi Tomasi anadzalapo mpingo atafika m'chaka cha 52. Chikhristu kumeneko sichinadikire Azungu.

M'ngalande za m'midzi

Ngati mwatsala ndi maola awiri kapena atatu, tengani auto mupite chakumpoto, dera la Chempu ndi Murinjapuzha. Mtsinje wa Muvattupuzha ukamayandikira nyanja umagawika nthambi ziwiri, Ithipuzha ndi Murinjapuzha, ndipo pakati pake pali tingalande tosawerengeka todutsa kuseri kwa makomo a anthu. Maboti aakulu aja sangalowemo. Pamafunika bwato lamatabwa lopalasa ndi mponda. Gwirizanani mtengo ndi nthawi musanakwere, funsani jekete yoyandamitsa ngati simudziwa kusambira, ndipo dzolani mankhwala a udzudzu dzuwa likamapendeka.

Kumbukirani kuti mukudutsa kuseri kwa nyumba za eni. Ngalande ndi pochapira, potsukira mbale, posambira. Kamera ikhale pansi mukaona mayi akusamba kapena akuchapa. Ifenso sitikondwa mlendo akamajambula padooko la amayi. Zojambula zilipo zina. Amayi opota zingwe za makoko a kokonati, mwachitsanzo: makokowo amawaviika m'madzi miyezi ingapo kuti afewe, amawapuntha mpaka ulusi utuluke, kenako amapota akuyenda chafutambuyo kuchokera pa gudumu lozungulira. Kapena wogoma uchema, ali pamwamba pa mtengo wa kokonati ndi mpeni m'chiuno, akugogoda duwa losaphukira ndi fupa kuti litulutse madzi, n'kumangirira kamphika. Uchemawo amautcha kallu. Wam'mawa ndi wotsekemera, wamadzulo waledzeretsa kale. Mlendo asamwe wogula pamalo osadziwika, poti ena amathiramo zinthu zosayenera.

Chakum'mwera, panjira yopita ku Kumarakom, kuli Vechoor, ndipo pamenepo mpamene pamayambira mlatho wotchinga madzi wa Thanneermukkom, woposa kilomita imodzi, umene unayamba kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1970. Zitseko zake amazitseka cha mu December kuti mchere usalowe m'minda ya mpunga ya ku Kuttanad, kumene alimi amalima pansi potsika kuposa nyanja yamchere, atatchinga madzi ndi milambala. Alimi a mpunga anapindula, koma asodzi amadandaula kuti nkhanu ndi nsomba zimene zinkalowa ndi madzi amchere zinachepa, ndipo madzi osayenda amaunjika zinyalala ndi mankhwala a m'minda. Chaka chilichonse pamakhala kukokanakokana za tsiku lotsegula zitsekozo. Imani pamlathopo nthawi imene zili zotseka: mbali ina madzi amaoneka mtundu wina, mbali inayo wina. Mudzi womwewu ndiwo unapereka dzina kwa ng'ombe ya Vechur, imodzi mwa mitundu yaing'ono kwambiri padziko lonse, yosafika ndi mita yomwe kutalika kwake. Inatsala pang'ono kutheratu, mpaka akatswiri a pa yunivesite ya zaulimi ya Kerala anayamba kuisakasaka m'midzi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Ngati mwafika nthawi ya Ashtami

Apa dongosolo lonse lija lisinthe. Pezeranitu malo ogona masabata angapo m'mbuyo, kapena mugone ku Ernakulam n'kumabwera. Chikondwerero cha Vaikathashtami chija, chimene mwachidule amati Ashtami, chimatenga masiku pafupifupi 12, ndipo chimake chake ndi tsiku lachisanu ndi chitatu mwezi utayamba kuchepa. Masiku amenewa mumamveka chenda, ng'oma yoimika yoomba ndi timitengo, oimba ambirimbiri atandandalika mzere, kuyamba pang'onopang'ono n'kumakwera mpaka chifuwa chako chikugunda nawo. Usiku kumakhala magule monga Kathakali, momwe ovina opaka nkhope zobiriwira ndi zofiira amasimba nkhani ndi maso ndi zala, osatulutsa liwu.

Usiku wa Ashtami, milungu ya makachisi oyandikana imabwera pamisana ya njovu zovekedwa zonyezimira pamphumi, nyale za mafuta zili ngwee. Mlendo wamkulu ndi Subrahmanya wa ku Udayanapuram, kamudzi ka kumpoto kwa tauni, amene amamutenga kuti ndi mwana wa Vaikathappan wobwera kuchokera kunkhondo atapambana. Tate ndi mwana amakumana, ndipo chakum'bandakucha amatsanzikana, woimba chitoliro cha nadaswaram akuliza nyimbo yachisoni, khamu lonse lili chete. Zambiri za mdipitiwu zimaoneka mumsewu, choncho ngakhale wosaloledwa m'kati amaona.

Za njovu ndichenjeze. Musaime kumbuyo kwake kapena pakati pa ziwiri, musayatse kuwala kwa kamera m'maso mwake, ndipo nthawi zonse dziwani kothawira. Njovu zotopa ndi phokoso, kutentha ndi unyolo zimalusa, ndipo ku Kerala anthu amafa nazo pa zikondwerero. Amalayali ambiri masiku ano akutsutsa zoyendetsa njovu m'khamu, ndipo ine ndili mbali yawo. Foni ndi chikwama zikhale kutsogolo.

Tsiku wamba, malizirani pa kabwalo kopumulirako pafupi ndi doko cha m'ma 6 koloko, pamene dzuwa limalowera tsidya la Cherthala, mabanja atakhala pamabenchi akudya mtedza wokazinga mumchenga. Kumeneko mdima umagwa msanga ngati kwathu, ndipo mabasi amayamba kuchepa usiku ukamakula. Funsiranitu masana nthawi ya basi yomaliza yopita ku Vyttila, ndipo inu mukwere ya patsogolo pake.